Khoma la Chipinda cha Apongozi

Tisa, Mabvuto ndi iwe Dalitso, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za moyo wanga. Ndalemba, koma za ubwana musaziyembekezere, mulibe kanthu mmenemo kupatula njala ndi kuweta mbuzi za eni. Msana unandichotsa pa ntchito mutu usanatope, ndiye nthawi ndili nayo. Chimene ndikufuna mudziwe ndi nkhani ya mpeni womangira uja uli pamwamba pa kabati, umene amayi anu amakuletsani kupalira mapoto. Unachokera ku khoma limene linatsala pang'ono kugwera ambuya anu ku Shikabeta. Koma ndiyambe ndi kumene ndinaphunzirira kuyang'ana khoma, kuti musamati atate anu anali amwano chabe.

Mpanshya, chaka chimene ndinasiya sukulu

Mayeso a giredi seveni ndinakhoza. Amalume anasankha kupititsa mwana wawo ku sekondale, ine n'kundiuza kuti manja anga ndi aakulu, sadzasowa chogwira. Ndikakumbuka mpaka lero mtima umandiwawa, ndipo musandiuze zokhululuka, abusa anayesa kale. Ndinapita ku Mpanshya kumene ankamanga nyumba za aphunzitsi, anandilemba ntchito yosakaniza daka, matope a simenti ndi mchenga aja omangira njerwa. Kapitawo anali ba Sakala, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wokonda fodya wopichira m'pepala la thumba la simenti. Ankanditcha Giredi Seveni pofuna kundipsetsa mtima, ndipo ndinkapsadi.

Tsiku loyamba kundipatsa chingwe ndi levulo, kachida koonera ngati khoma laongoka, ndinamanga kakhoma mofulumira kuti aone kuti sindine mwana. Anabwera madzulo, anakankha ndi phazi, kakhomako n'kugwa ngati mulu wa mabuku. Njerwa sindinazinyowetse. Njerwa youma imamwa madzi onse a m'daka, simenti n'kutsala fumbi. Sanandikalipire, anangondiuza kuti mawa ndiyambe ndi kutunga madzi. Ndinawatukwana chamumtima njira yonse ya kumtsinje, koma chiyambire tsiku limenelo sindinaikepo njerwa youma pa khoma.

Ba Sakala ndiwo anandiphunzitsanso za ming'alu. Ankati pulasitala akang'ambika pamwamba ngati phazi la m'chilimwe, zimenezo n'zazing'ono. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotseguka kwambiri kumtunda kapena kumunsi, umatanthauza kuti pansi pakuyenda. Njira yawo yodziwira inali yosavuta. Umamata timabala ta daka mopingasa mng'aluwo, uku ndi uku, n'kusiya masiku angapo. Timabalato tikang'ambika, khoma likadali kuyenda, ndipo kumata pamwamba n'kungodzitseka m'maso.

Rufunsa, zaka zimene simenti inkasowa

Nditadziwa ntchito ndinasamukira ku Rufunsa, pafupi ndi msika, ndinayamba kumangira anthu wamba. Simenti inkabwera mwa apo ndi apo pa malole a mu msewu wa Great East, ikafika anthu ankakanganirana ngati nyama. Kumeneko ndinaona mmene munthu womanga yekha amadzipwetekera. Amayamba ndi kugula malata, chifukwa ndi amene anansi amaona, maziko n'kukumba osapitirira bondo la mwana. Mchenga amatapa pa msewu, wodzaza dothi, pamene wa mumtsinje uli pomwepo. Konkire amathira m'mawa, masana dzuwa n'kuiwotcha, osaithirira madzi ngakhale tsiku limodzi. Ndinkawauza poyera kuti akumanga manda, ena ankandithamangitsa, ena ankabwerera patapita dzinja limodzi nkhope zili pansi.

Inu mukadzamanga, kumbani mpaka piki iyambe kudumpha pa nthaka yolimba. Yalani pulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere. Musanaike denga thirani bimu ya konkire yozungulira nyumba yonse, ndipo mumizemo mawaya omangira mitanda, chifukwa mphepo ya Okutobala sidziwa kuti malata munawavutikira. Simenti ikachepa, mangani chipinda chimodzi cholimba, mugonemo, china mudzawonjezera. Dzenje loumbira njerwa likhale kutali ndi pamene nyumba ingadzafike ikamakula. Ili lomaliza muligwire, mumva chifukwa chake.

Ku Rufunsa komweko ndinakumana ndi amayi anu, Malita, akugulitsa vitumbuwa kwa anthu a m'mabasi. Anandiuza tsiku loyamba kuti ndimayankhula ngati ndikuswa miyala. Ndinawakwatira chaka chotsatira. Kwawo ku Shikabeta mwambo ndi wolimba. Mkamwini sayang'ana apongozi aakazi m'maso, sadya nawo, sawayankhula mwachindunji pakakhala wina wopereka mawu, ndipo kuchipinda kwawo saponda ngakhale pakhomo. Ine zimenezo sizinandivute. Ndinkaona kuti zikundipulumutsa, pakuti pakamwa panga ndinkapadziwa.

Shikabeta, mwezi wa Okutobala, Tisa ali kumsana

Ambuya anu aamuna, ba Yotamu, anali atamwalira chaka chapitacho. Nyumba yawo anamanga okha, njerwa zootcha okha, zomangira dothi m'malo mwa simenti. Sanali mmisiri, anali mlimi wa manja abwino, ndipo mbali yaikulu ya nyumbayo inali yowongoka kuposa zina zimene ndinaona ku Lusaka. Chipinda chogona anachiwonjezera pambuyo pake, ana atachuluka.

Amayi anu atabwerako kokacheza anandiuza kuti kuchipinda kwa amayi awo kuli mng'alu kumutu kwa bedi, woti dzanja limalowa. Ambuya anu anali atatsekamo nsanza n'kuzira dothi pamwamba, ndipo anatuma mawu akuti mkamwini wawo abwere ndi kasimenti pang'ono adzamate mvula isanayambe. Ndinakweza theka la thumba pa njinga, tinanyamuka.

Nditafika ndinazungulira nyumba ndisanamwe ndi madzi omwe. Mng'alu unayambira pansi pa ngodya ya chipindacho, n'kukwera ngati masitepe mpaka kudenga. Nditaika levulo, khoma linali litapendekera mkati, kumene kunali bedi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtanda waukulu wa denga wakhala pa khoma liti. Ngati unali pa khoma lomwelo, ntchito inali yoyamba kuuchirikiza ndi mizati, ndipo mizatiyo imaimikidwa mkati. Mkatimo ndi mmene sindikanatha kulowa.

Ndiye amayi anu anakhala maso anga. Ine ndinkaima panja pa zenera nditafulatira, iwo ali mkati ndi Tisa kumsana, ndikuwafunsa. Anandiuza kuti mtandawo walowa m'khoma long'ambikalo, pamwamba penipeni pa pilo. Ndinawasakanizira daka m'chitini, ndinawauza mmene amatire timabala ta ba Sakala. Anamata bwino kuposa anyamata ambiri amene ndagwira nawo ntchito, ndipo ndinawauza, n'chifukwa chake mpaka lero amanena kuti ndinawayamikirapo kamodzi. Tinadikira. Sabata isanathe, timabala tonse tinali titang'ambika pakati.

Tinakhala pansi kuseri kwa nkhokwe kuti tikambirane. Ambuya anu anakhala pa mphasa, akutongola chimanga, atatembenukira kumbali. Ine ndinakhala pa kampando chapatali, ndikuyang'ana nkhuku. Pakati pathu panali amayi anu. Panalinso alongo awo a ambuya anu, ba Dauti, amene anabwera kudzamva, munthu wokonda kuweruza nkhani zimene sakuzidziwa. Tonse tinkamvana bwinobwino, mtunda wake unali woti ungaponyerane chitsononkho, koma mawu anayenera kudzera mwa amayi anu.

Ndinati awauze kuti khomalo lilibe maziko ndipo liyenera kugwetsedwa. Amayi anu anatembenuka n'kunena kuti atate ake Tisa akuti khoma latopa pang'ono. Ndinati awauze kuti likagwa ligwa ndi denga lomwe, pa bedi. Iwo anati atate ake Tisa akuti mwina bedi lingasunthidweko. Ambuya anu, amene anali atamva zonse ndi makutu awo, anayankha modekha kuti amve mkamwini wawo kuti bedi linaikidwa pamenepo ndi mwini nyumba, ndi pamene anatsirizikira, ndipo njerwa zimenezo madzi ake anatunga ndi iwo ali ndi pakati pa Malita yemweyo. Anati sanapemphe nyumba yatsopano, anapempha kumata. Ba Dauti anavomereza ndi mutu, nati simenti ndi simenti, ikagwira yagwira, anyamata a m'tauni amakonda kugwetsa kuti aoneke odziwa.

Tinazungulira choncho mpaka mthunzi unasuntha. Chilichonse chimene ndinkanena chinkafika kwa ambuya anu chitathiridwa shuga. Sindikuwanena amayi anu. Ankateteza ine, ankatetezanso amayi awo, ndipo ndi mmene anawalerera. Koma kum'mawa, cha ku Luangwa, mitambo inali itayamba kuunjikana masana alionse, ndipo dothi lomangira njerwa likanyowa limasanduka phala. Ndinaona kuti ndili ndi njira ziwiri. Kumata monga andipempha, ndidye nkhuku, ndibwerere ku Rufunsa ndili mkamwini wabwino, kenaka ndizidikira uthenga. Kapena kuswa mwambo pamaso pa ba Dauti, amayi anu achite manyazi m'mudzi wawo womwe, mwinanso banja ligwedezeke, pakuti kumeneko malume akanena kuti mkamwini alibe ulemu, nkhani imafika patali.

Ndinatsika pa kampando, ndinagwada, maso ndinasiya pansi, koma mawu ndinalunjika kwa iwo.

“Amayi, ndikuyankhula ndi inu, osati ndi Malita. Khoma ili likugwerani chimanga chisanamere ngaiyaye. Kumata sindimata. Mukafuna womata, itanani wina, koma ine simenti yanga ndibwerera nayo.”

Amayi anu anaphimba nkhope ndi chitenje. Ambuya anu anaika chimanga m'lichero, anaimirira, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ba Dauti ndiwo anapeza mawu, ambirimbiri. Anati chiyambire sanaonepo, anati ndi zimene zimachitika ukapereka mwana kwa munthu wosaleredwa, ndipo anagamula kuti ndipereke tambala wopepesera. Ndinawauza kuti tambala ndipereka, koma tambalayo sachirikiza mtanda. Amayi anu sanandiyankhule tsiku lonselo, nsima anandiikira patali ngati ya mlendo wodwala chifuwa.

M'mawa mwake ndinatenga piki. Kunja kwa nyumba mwambo sunandiletse, ndiye ndinakumba kadzenje pambali pa ngodya ija, mosamala, kuti ndione chimene khoma lakhalira. Njerwa zinathera pafupi pomwepo. Pansi pake panalibe nthaka yolimba, panali phulusa, zitsononkho zowola, mafupa, chidendene cha nsapato, ndi mapale a mbiya. Ba Yotamu anaumbira njerwa za nyumba yoyamba pamalo pomwepo. Dzenjelo linasanduka dzala, linadzaza ndi zinyalala za zaka zambiri, udzu unamera, aliyense anaiwala, ndipo pofuna kuwonjezera chipinda anamanga pamwamba pake. Ndi cholakwa cha munthu wakhama, woumba yekha pakhomo pake kuti asanyamule njerwa mtunda wautali. Ndachiona kambiri m'midzi yathu.

Ndinayala thumba pafupi ndi khomo, ndinaikapo zonse ndinafukulazo, ndinapita kukasaka tambala kwa anansi. Pobwera ndinapeza ambuya anu atakhala pa khonde, phale limodzi lili m'manja, akulitembenuza. Linali ndi mizere ya m'khosi mwa mbiya. Anauza amayi anu, ine ndikumva, kuti mbiyayo anaumba ndi amayi awo, inasweka chaka cha njala, ndipo anaitaya okha m'dzenje la njerwa. Anafunsa ngati zoonadi phalelo latuluka pansi pa chipinda. Amayi anu anati inde. Kenaka ambuya anu anati ba Yotamu anawauzapo kuti pamenepo m'pofewa, koma anali ndi changu chifukwa mvula inali pafupi ndipo ana ankagona mopanikizana.

Madzulo ake kunagwa kamvula koyamba, kongonunkhiritsa fumbi. Kutacha ndinamva kukokedwa kwa zinthu m'nyumba. Ambuya anu ndi amayi anu anatulutsa bedi, sutikesi, mphasa, ndi chithunzi cha ukwati, anaziika m'chipinda chochezera. Atatha anatuma mwana kukaitana ba Dauti kuti adzaone ndi maso awo. Ndiye ambuya anu anatuluka ndi kanthu kokulunga m'nsalu, anakaika pakhomo pa chipinda chija, pansi. Unali mpeni womangira wa ba Yotamu, chigwiriro chake cha mtengo wa mukwa chosema okha, chitasalala ndi thukuta. Kumeneko mpongozi akafuna kumasula mkamwini pa chinthu choletsedwa, amamupatsa kanthu pamaso pa mboni. Anaima pambali, osandiyang'ana, nanena okha, osadzera mwa munthu.

“Lowani, atate ake Tisa. Koma njerwa za ba Yotamu musataye ngakhale imodzi.”

Ndinavula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake, ndinatola mpeniwo ndi manja awiri, ndinalowa. Chipindacho chinali chaching'ono, chonunkhira sopo ndi utsi. Mtanda unali utatsika kale moti unasiya chizindikiro pa khoma. Ndinadula mizati iwiri ya mtengo wa mopane, ndinaiimika pa matabwa kuti isamire, ndinakhomera timitengo tosongoka pansi pake mpaka denga linanyamuka pang'ono. Ba Dauti, amene dzana lake ankandiweruza, ndiwo anagwira mzati wachiwiri, akundilangiza mmene ndiugwirire.

Khoma sitinaligwetse ndi chiphwanya. Tinalipasula kuyambira pamwamba, njerwa imodzi imodzi. Apa ndiyenera kuwapatsa ulemu ba Yotamu. Njerwa zawo zinapsa bwino, ukaziwomba zinkalira ngati belu, ndipo popeza zinamangidwa ndi dothi, zinkachoka zathunthu. Zikanakhala za simenti, theka likanasweka. Ambuya anu anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi chikwanje chakale, akupala dothi pa njerwa iliyonse n'kuisanja. Sanalole wina kuwathandiza. Nditathyola imodzi mwangozi, anauza amayi anu kuti afunse mmisiri ngati ku Mpanshya anamuphunzitsa kumanga kapena kuswa. Zidutswa zakezo anazisunga, ndipo ndinaziika m'khoma momwemo.

Zinyalala zonse za m'dzenje tinazifukula mpaka piki inadumpha. Linali lakuya kufika m'chiuno mwanga. Tinadzazamo miyala, tikusinja ndi mtengo mzere ndi mzere. Theka la thumba lija silikanakwana, ndiye ndinapalasa njinga kubwerera ku Rufunsa, ndinakachonderera munthu wina amene ndinam'mangira sitolo, anandigawira matumba ochepa. Simentiyo ndinaiika pofunika pokha, m'maziko, m'mizere yoyamba ya njerwa, ndi pa bimu pamene mtanda ukhalira. Pakati ponse ndinamangira dothi la pachulu, monga anachitira mwini wake. Kunja ndinakweza dothi mozungulira kuti madzi a padenga azithawa khoma. Ndinagwiritsa mpeni wa ba Yotamu kuyambira njerwa yoyamba mpaka yomaliza, ngakhale unali wopepuka kuposa wanga ndipo unkandichedwetsa.

Mvula yeniyeni inabwera titangochotsa mizati. Inagwa usiku wonse ndi tsiku lotsatira, mitsinje inadzaza, nyumba ziwiri m'mudzimo zinagwa makoma. Tambala uja ambuya anu anamupha, anaphika, anatuma amayi anu kudzandipatsa chiwindi ndi nthutumba, ba Dauti n'kulandira khosi. Tsiku limene bedi linabwerera kuchipinda, pamalo ake akale, ndinathandiza kulinyamula mpaka pakhomo, ndinaima pomwepo. Amayi anu ndi ba Dauti analowetsa okha. Ndinafuna kubweza mpeni, koma ambuya anu anauza amayi anu kuti andiuze kuti chopatsidwa pamaso pa mboni sichibwerera.

Rufunsa, masiku ano

Mwambo unabwerera mwakale. Zaka zonse zotsatira ambuya anu ankandiyankhula kudzera mwa amayi anu, ine chimodzimodzi, ndipo amayi anu anapitiriza kuthira shuga. Inu munakula mukuona zimenezo, mukumaseka. Chimene mwina simunkachimvetsa ndi chija chinkachitika tikapita ku Shikabeta mvula ikatha, pa nthawi yokolola. Ndikangotsika pa njinga, ndisanakhale n'komwe, ankatulukira pakhomo, n'kuyang'ana kumbali, nanena mokweza kuti, “Ba mmisiri, khoma lili bwino.” Ine ndinkayankha kuti, “Zikomo, amayi.” Ndi mawu okhawo amene tinkauzana tokha chaka chonse, ndipo ndinkawadikira kuposa Khirisimasi.

Chaka chimene anadwala, tinawatengera kuchipatala ku Mpanshya, koma anakakamira kuti abwerere kwawo akagone pa bedi lawo. Tinapita kukawaona mwezi wa Meyi. Sakanathanso kudzuka. Amayi anu analowa, ine ndinakhala panja pa zenera lomwe lija, nditafulatira, ndikuyang'ana njerwa zimene anapala ndi chikwanje. Ndinamva akufunsa ngati atate ake Tisa abwera. Amayi anu anati ali panja, ndipo anafunsa ngati pali mawu oti akandiuze. Anati ayi, awa anena okha. Ndinamva chikhatho chikumenya khoma kawiri, mofooka, kumutu kwa bedi.

“Ba mmisiri, lili bwino.”

Nyumbayo mukukhala mwana wa ba Dauti tsopano. Mukapitako, zungulirani kuseri mukaone ngodya ya kum'mawa, mupeza njerwa yothyoka pakati, mzere wofika pachifuwa. Mpeniwo adzatenge amene ayambe kumanga mwa inu atatu, ndipo aupake mafuta. Mapoto palani ndi china.